Kuomboka pa kanema: bwato linali pamadzi, kamera inali kwa alendo

Wailesi ya kanema imene inaulutsa mwambo wa Kuomboka wa ku Zambia chaka chino inali ndi zipangizo zokwanira kuti igwire ntchito yotamandika, ndipo chimenechi ndicho chikukulitsa kudandaula kwa ife amene tinaonera mwambowu kuno ku Mzuzu. Zikanakhala kuti makamera anali ochepa kapena akutha, tikanangonena kuti anayesetsa ndi zomwe anali nazo, koma sizinali choncho ayi. Kamera ina inali padoko la ku Lealui, ina inali m'bwato la injini loyenda m'mbali mwa mabwato achifumu, ina inali m'mwamba pa drone, kandege kopanda munthu m'kati, ndipo ena anali akudikira ku Limulunga. Chimene chinasowa ndi anthu omvetsa kuti mwambo wa tsikulo ndi ulendo wa pamadziwo, osati nkhope za alendo olemekezeka kapena macheza a mu situdiyo.

Kuomboka ndi mwambo wa Alozi a m'chigawo chakumadzulo m'dziko la Zambia, ndipo umachitika kumapeto kwa dzinja, kawirikawiri m'mwezi wa Malichi kapena wa Epulo, pamene mtsinje wa Zambezi wasefukira n'kumiza chigwa chachikulu cha Barotse. Mfumu yawo yaikulu, Litunga, imachoka ku likulu lake la m'chigwa ku Lealui n'kusamukira ku Limulunga, kumtunda kumene madzi safikako, makilomita pafupifupi 15 kuchokera m'tawuni ya Mongu. Ulendowu umatenga maola pafupifupi 6, ndipo tsiku lake silikhala lodziwikiratu pa kalendala monga mmene zilili ndi Kulamba kwa Achewa ku Mkaika, chifukwa akuluakulu a kunyumba yachifumu amayamba aona kuchuluka kwa madzi asanalengeze. Mu 2019 mwambowu sunachitike chifukwa madzi anachepa, ndipo mu 2020 ndi mu 2021 unalephereka chifukwa cha mliri wa Covid-19, kotero kuti chaka chilichonse chimene bwato lachifumu la Nalikwanda lalowa m'madzi, wailesi imene yapeza mwayi woulutsa imakhala itasenza udindo wosayenera kuuseweretsa. Munthu wa ku Mzuzu wofuna kukaonera ndi maso ake ayenera kudzera ku Jenda, Lundazi ndi Chipata mpaka ku Lusaka, kenaka n'kuwonjezeranso makilomita pafupifupi 600 kuti akafike ku Mongu, ndipo ndi ochepa amene angakwanitse ulendo wotere. Ambirife zimene tidzadziwe za Kuomboka ndi zokhazo zimene kamera yasankha kutionetsa.

Zimene anachita bwino zilipo, ndipo si zochepa. Zithunzi za m'mwamba zinali zogometsa. Munthu amene anangomva kuti chigwa cha Barotse chimasefukira sangamvetse kukula kwa nkhaniyi kufikira ataona madzi atayala mbali zonse mpaka kumene maso alekezera, nsonga za udzu zikutuluka pamwamba pake, midzi itatsala pa timitunda ting'onoting'ono, ndi ngalande imene mabwato amadutsamo ikukhotakhota pakati pa udzuwo. Drone inatithandizanso kuona dongosolo la mdipitiwo, limene munthu woima pagombe sangalione lonse: mabwato ang'onoang'ono oyera otsogola kukaona kuya kwa madzi ndi chilichonse chimene chingatseke njira, kenaka Nalikwanda yopakidwa mizere yakuda ndi yoyera itanyamula chifanizo chachikulu cha njovu pamwamba pa denga lake, kenaka bwato la mfumukazi lokhala ndi chifanizo cha kakowa, ndipo pambuyo pake unyinji wa mabwato a nduna ndi a anthu wamba. Chithunzi sichinkadukaduka, mitundu inali yowala bwino, ndipo popeza nthawi ya ku Zambia ndi ya kuno ndi imodzi, palibe amene anafunika kudzuka usiku. Pamene kanema anazima kwa kanthawi chakumasana, vuto linali mvula ya kuno ku Mzuzu imene imasokoneza dishi, mvula ya mu Epulo imene tonse tikuidziwa, ndipo pa chimenecho sindingawaimbe mlandu.

Vuto loyamba, limene kwa ine ndi lalikulu kuposa onse, linali la mawu. Kuomboka munthu amayamba waumva asanauone. Ng'oma zachifumu zotchedwa maoma zimayamba kulira tsiku la mwambo lisanafike, kuitana opalasa kuti asonkhane ku Lealui, ndipo ng'oma zimakwera nawo m'bwatomo pamodzi ndi oimba silimba, chida chofanana ndi mangolongondo athu. Kuimbako sikongosangalatsa anthu ayi, koma ndiko kumene kumatsogolera amuna oposa 100 amene amapalasa ataimirira, kuti nkhafi zawo zizilowa m'madzi ndi kutulukamo nthawi imodzi. Woonera akamva ng'oma n'kuona mapewa onsewo akuwerama pamodzi, amamvetsa yekha mmene bwato lalikulu chotero limayendera popanda injini, ndipo safunanso wina womufotokozera. Ife zimenezi sitinazimve. Aulutsi awiri a mu situdiyo ankayankhula mosalekeza, ndipo mawu ochokera pamadzi anawatsitsa kwambiri, moti chimene chinkamveka bwino ndi kulira kwa injini ya bwato limene munali wojambula. Nthawi zina ankachotseratu mawu a pamadzi n'kuikapo nyimbo yojambulidwa kale, ya zida zamagetsi, imene kugunda kwake sikunkagwirizana n'komwe ndi nkhafi zimene tinkaziona. Kukonza zimenezi sikunkalira ndalama zambiri. Pankangofunika maikolofoni imodzi yoikidwa mwachilolezo pafupi ndi oimba ng'oma, kuzimitsa injini ya bwato lojambulira kwa mphindi zingapo pamene layandikira Nalikwanda, ndi wotsogolera pulogalamu wolimba mtima wotha kuuza aulutsi ake kuti ayambe akhala chete.

M'nyumba imene tinaoneramo ku Chibavi munali bambo ena achikulire ochokera ku Nkhata Bay, amene anayamba kupalasa bwato panyanja ali mnyamata, ndipo iwo ndi amene anatizindikiritsa kukula kwa zimene tinkamanidwa. Chidwi chawo chinali pa miyendo ya opalasa, popeza asodzi a kunyanja kwathu amapalasa atakhala pansi, ndipo ankafuna kuona mmene anthu ochuluka chotero amaimira m'bwato limodzi osaligwedeza, mmene kapalasidwe ka akutsogolo kamasiyanirana ndi ka akumbuyo, ndiponso mmene amalikhotetsera pamene ngalande yapinda. Nthawi iliyonse imene kamera inayandikira mokwanira kuti zimenezi zioneke, chithunzi chinkasintha pasanathe masekondi ochepa, n'kupita kwa mayi wina wojambula ndi foni kapena kwa muulutsi woima padoko. "Mwanawe, kodi iwowa akuthamangira kuti? Bwato likuyenda mwachifatse, achangu ndi iwo," anatero bambowo kwa mdzukulu wawo amene anagwira rimoti, ngati kuti iye ndiye ankasintha zithunzizo. Ojambula ambiri masiku ano anazolowera makanema a nyimbo ndi zotsatsa malonda, kumene chithunzi chikakhalitsa chimaoneka ngati cholakwika, koma mdipiti wa pamadzi umafuna kamera yodekha imene ingakhale pa chinthu chimodzi kufikira woonera atachimvetsa. Kupalasa kuli ndi mzere wake, kuyambira pokweza nkhafi, poilowetsa m'madzi, poikoka, mpaka poitulutsa, ndipo kukongola kwake kumaoneka mzerewo ukabwerezedwa kangapo osadulidwa.

Maola a pakati pa ulendo ndi amene anakwiyitsa anthu ambiri. Bwato litangochoka ku Lealui, wailesiyo inalikankhira m'kabokosi kakang'ono pakona ya sikirini, ndipo malo aakulu anaperekedwa kwa gulu la anthu okambirana mu situdiyo, amene nkhani zawo zinali za ntchito zokopa alendo, malo ogona a ku Mongu, ndi ubwino wa msewu wa Mongu–Kalabo umene unatsegulidwa mu 2016. Nkhani zimenezi si zoipa, koma zikhoza kukambidwa tsiku lina lililonse la chaka. Atatha amenewo, anayamba kucheza ndi oimira makampani amene anathandiza mwambowo ndi ndalama, mmodzimmodzi, aliyense ataima kutsogolo kwa chikwangwani cha kampani yake, kenaka andale, amene onse anafunsidwa funso limodzi la mmene akumvera kukhala nawo pamwambowo, ndipo onse anayankha mofanana. Pamene zonsezi zinkachitika, m'kabokosi muja munkaoneka makutu a njovu ija akugwedezeka, popeza chifanizocho anachipanga mwakuti anthu a m'bwatomo amatha kuyendetsa makutu ake, ndipo utsi unkakwera kuchokera pakati pa opalasa. Utsi umenewu uli ndi ntchito yake: moto umene amausonkha mu Nalikwanda umauza anthu oonera patali kuti mfumu ili moyo ndipo ili bwino. Palibe muulutsi amene anatchulapo zimenezi, moti mwana wina amene tinali naye anafunsa ngati bwatolo layamba kupsa. Zinali ngati wojambula ukwati amene wathera nthawi yonse pa wotsogolera perekaniperekani ndi anthu oponya ndalama, mkwati ndi mkwatibwi n'kumangooneka kumbuyo mwamwayi.

Oikira kumbuyo wailesiyi amanena kuti maola 6 a bwato loyenda pang'onopang'ono sangagwire mtima wa woonera, choncho pamafunika zina zodzazira nthawi. Mfundo imeneyi ndikuimva, koma yankho lake linali m'bwato momwemo. Opalasa aja amavala zipewa zofiira zokhala ndi ubweya wa m'khosi mwa mkango ndi zikopa za nyama m'chiuno, ndipo kusankhidwa kuti upalase Nalikwanda ndi ulemu waukulu pakati pa Alozi, kotero kuti kucheza ndi mmodzi wa iwo tsiku la mwambo lisanafike, n'kuulutsa mawu ake pamwamba pa zithunzi za ulendowo, kukanatiphunzitsa zambiri kuposa mkulu wa kampani aliyense. Panali nthano ya Alozi ya chigumula chachikulu ndi Nakambela amene anapanga bwato loyamba lopulumutsira anthu. Panali nkhani ya ngalande zimene zinakumbidwa m'chigwachi mu ulamuliro wa Litunga Lewanika, ya Limulunga amene anakhazikitsidwa ndi Litunga Yeta III m'zaka za m'ma 1930, ya udindo wa Ngambela, nduna yaikulu imene imayankhula m'malo mwa mfumu, ndi ya Litunga wa lero, Lubosi Imwiko II, amene wakhala pampando kuyambira mu 2000. Panalinso nkhani imene amayi a m'nyumba mwathu akanaikonda, yakuti kummwera kwa chigwachi, ku Nalolo, kuli mfumu yaikazi, Litunga la Mboela, imene nayonso imakhala ndi ulendo wakewake wothawa madzi. Zonsezi zikanatha kunenedwa pang'onopang'ono, chiganizo chimodzi apa, china patsogolo, bwato lili chidzadzire sikirini yonse ndipo ng'oma zikumveka pansipansi. Munthu mmodzi wachikulire wa kunyumba yachifumu, wokhala pambali pa muulutsi, akanakwanitsa ntchito imeneyi popanda pepala lililonse.

Pamene aulutsiwo anayesa kulowa m'mbiri, anapunthwa pa nkhani imene ili pamtima pa mwambo wonsewo. Litunga amakwera bwato atavala zovala zachikhalidwe, koma panjira amasintha, ndipo amatsika ku Limulunga atavala yunifolomu ya mkulu wa asilikali a pamadzi a ku Britain, yakuda yokongoletsedwa ndi ulusi wagolide, ndi chipewa cha nthenga kumutu. Muulutsi wina ananena mobwereza kuti chovalachi chinaperekedwa ndi Mfumukazi Victoria, ndipo mnzake anavomereza. Victoria anamwalira mu Januwale 1901, pamene Lewanika anapita ku London mu 1902 kukakhala nawo pa mwambo wolonga ufumu Edward VII, ndipo yunifolomuyo inachokera kwa Edward ameneyu. Kuphonya dzina n'kwakung'ono poyerekeza ndi mwayi umene anautaya pamenepa, chifukwa chovala chimenechi chimatsegula nkhani yonse ya mmene Lewanika anafunira chitetezo cha Britain poopa adani omuzungulira, ya pangano la Lochner la mu 1890 limene linalowetsa kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, m'dziko lake, mpaka pangano la Barotseland la mu 1964 limene kufikira lero limautsa mtsutso m'Zambia. Wailesi siyenera kutenga mbali pa mtsutso umenewu pa tsiku lachikondwerero, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake ingafune kuyenda mosamala, koma kuonetsa mfumu ya mu Africa ikutuluka m'bwato la makolo ake itavala yunifolomu ya Angerezi popanda kufotokoza bwino chiyambi chake ndi kusiya woonera wachinyamata kuti adzipangire yekha tanthauzo, ndipo matanthauzo amene ndinawamva kwa anyamata a m'nyumba mwathu sanali aulemu.

Kwa ife Amalawi pali nkhani ina imene ikanatikoka kwambiri. Chilozi chimene chimayankhulidwa lero chinachokera makamaka ku chiyankhulo cha Akololo, anthu a Sebetwane ochokera kummwera, amene analanda chigwachi cha m'ma 1840 n'kuchilamulira kufikira mu 1864. Mwana wa Sebetwane, Sekeletu, ndiye anapatsa David Livingstone amuna omuperekeza pa maulendo ake, ndipo ena mwa amunawo anatsalira m'chigwa cha Shire, kumene timawadziwa kuti Amagololo, ndipo mafumu monga Kasisi, Katunga ndi Maseya ku Chikwawa ndi a mbumba imeneyo. Sindikuyembekezera kuti wailesi ya dziko lina ikonze pulogalamu yoganizira ife tokha, koma aulutsiwo ankabwereza kunyadira kuti akuonedwa m'maiko onse oyandikana nawo, ndipo wonyadira alendo amayenera kuwapatsako kanthu. Pulogalamu yonse inayenda m'Chingerezi ndi m'Chilozi. Chilozicho n'choyenera ndithu, pakuti mwambowo ndi wa eni ake, koma nyimbo za opalasa ndi mawu otamanda mfumu sanawamasulire ngakhale m'Chingerezi momwemo, ndipo Chinyanja, chimene ndi chimodzi mwa ziyankhulo 7 zimene boma la Zambia limagwiritsa ntchito m'masukulu ndi pawailesi, sichinamveke ngakhale m'chidule cha mphindi imodzi. Achikulire amene tinali nawo ankadalira ana kuwamasulira, ndipo anawo ankamasulira zimene zinalipo, zomwe ndi moni wa andale.

Matendawa si a mawailesi osowa ndalama okha. Pa 3 Juni 2012, pokondwerera kuti Mfumukazi Elizabeth II yakwanitsa zaka 60 pampando, mabwato mazanamazana anayenda pamtsinje wa Thames ku London, kuchokera ku Battersea kukafika ku Tower Bridge, ndipo mdipitiwo, wa mabwato 670, unalembedwa ndi a Guinness, amene amasunga mbiri ya zinthu zoposa zonse padziko, monga waukulu kuposa ina yonse kufikira nthawi imeneyo. Mfumukaziyo inakwera bwato la Spirit of Chartwell, bwato la Gloriana linatsogolera mabwato opalasa, ndipo m'gululo munalinso timabwato timene tinathandiza kupulumutsa asilikali ku Dunkirk mu 1940. BBC, imene ili ndi akatswiri ndi zipangizo zimene mawailesi a kuno sangaziyandikire, inalandira madandaulo oposa 2,000 m'masiku ochepa otsatira, ndipo mfundo za odandaulawo zinali zofanana ndi zathuzi: kamera inkachoka pamtsinje kupita kwa anthu otchuka ndi macheza osagwirizana ndi mwambowo, aulutsi sankafotokoza mbiri ya mabwato amene ankadutsa, ndipo wina analakwitsa ngakhale mawu aulemu otchulira mfumukaziyo. Ku London ndi ku Mongu komwe, gwero la vutoli ndi limodzi. Okonza pulogalamu amaopa kuti woonera atopa n'kusintha tchanelo, ndiye amamuthamangitsa kuchoka pa chinthu ichi kupita pa icho, osazindikira kuti munthu amene wakhala pansi kuti aonere mdipiti wa mabwato wasankha kale chinthu choyenda pang'onopang'ono, ndipo chimene chingamuchotse pampando ndi kumumana chinthucho.

Ndikudziwa kuti kuulutsa kuchokera pakati pa chigwa chosefukira si ntchito yapafupi. Mafuta a mabwato, magetsi a zipangizo, malo ogona a antchito ndi njira yotumizira zithunzi kuchokera pamadzi kupita ku situdiyo zonse zimalira ndalama, ndipo ndalamazo zimachokera kwa otsatsa malonda, amene nawonso amafuna kuoneka. Palinso malire a mwambo amene wailesi singawadumphe, popeza Litunga amakhala m'kati mwa denga la bwatolo kumene kamera sifikako, ndipo mabwato a injini sangaunjikane pafupi ndi Nalikwanda mmene angafunire. Choncho sindikudandaula kuti malonda analipo, koma ndikudandaula nthawi imene anaikidwa. Ulendowu uli ndi nthawi zake zabata zodziwikiratu, monga pamene mabwato amaima panjira kuti opalasa adye ndi kupuma, ndipo pamenepo akanatha kuika malonda ochuluka popanda wina kuwawidwa mtima. M'malo mwake, malonda oyamba anabwera pamene Litunga anali atangolowa m'bwato ndipo nkhafi zinali zitakwezedwa, kotero kuti pobwerera, Nalikwanda inali itachoka kale padoko. Wailesi yomweyo siyerekeza kudula masewero a mpira ali m'kati kuti itsatse sopo, imadikira nthawi yopumulira, zomwe zikusonyeza kuti luso losankha nthawi ali nalo, koma sanaone kuti mwambowu ukuyenera ulemu womwewo.

Kufika ku Limulunga ndiko kunali kopweteka kwambiri, chifukwa ndi kumene tsiku lonse limalozako. Dzuwa litapendeka, padoko panali podzaza anthu, amayi atavala misisi yawo yotambalala, abambo atavala siziba, nthungululu zikumveka ngakhale mawu anali otsitsidwa, ndipo drone inaonetsa bwino Nalikwanda ikulowa padokopo. Kenaka wotsogolera anasinthira ku kamera ya pansi, imene anaiika kumbuyo kwa tenti ya alendo olemekezeka, malo amene mwina anawasankha m'mawa kusanadzaze anthu. Chimene tinaona ndi misana ya achitetezo ndi mikono ya anthu okweza mafoni m'mwamba. Ataona kuti pamenepo sipakuoneka kanthu, sanabwerere ku drone, koma anapita pa nkhope ya mlendo wolemekezeka amene ankadikira, ndipo anakhalapo nthawi yaitali kuposa imene anakhalapo pa opalasa tsiku lonselo. M'munsi mwa sikirini munkadutsa mzere wa mayina a makampani, umene unaphimba gawo limene likanaonetsa abambo ogwada akuwomba m'manja ndi kukweza mikono popereka ulemu kwa mfumu. Pamene kamera inamupeza Litunga, anali atatsika kale ndipo anali atayamba kuyenda. Kusintha kwa zovala kuja, kumene anthu amadikira maola 6 kuti akuone pa mphindi imene mfumu ikutuluka m'bwato, ife tinakudziwa mochedwa, ndipo sanabwereze chithunzi chilichonse kuchokera ku kamera ina, ngakhale kuti makamerawo analipo. Kayendedwe kachifumu kochokera padoko kupita kunyumba yachifumu anakajambula bwino, ndipo pa mphindi zochepa zimenezo aulutsi anakhala chete, ng'oma zinamveka, m'nyumba mwathu munalibe woyankhula. Zitatha izi, malankhulidwe onse anaulutsidwa kuyambira poyambira mpaka pomalizira popanda kudulidwa ndi malonda ngakhale amodzi, koma magule atangoyamba, pulogalamu inatsekedwa kuti nkhani za madzulo ziyambe.

Amene anaonera pa foni kudzera pa tsamba la Facebook la wailesiyo analandira zomwezo, kungoti iwo analipiranso ndi bandulo yawo, ndipo kugula data ya maola ambiri kuti uthere pa zokambirana za mu situdiyo n'kowawa kuposa kuonera pa dishi imene walipira kale pamwezi. Chodabwitsa n'chakuti timakanema tatifupi tojambulidwa ndi anthu wamba amene anali m'mabwato ang'onoang'ono, togwedezeka ndi tosaoneka bwino, tinali ndi chimene wailesiyo inalibe, pakuti m'menemo ng'oma, nyimbo ndi kuwomba kwa nkhafi pamadzi zinkamveka mmene zilili. Wailesi yokhala ndi makamera ambiri chotero ikanatha kupereka njira ziwiri popanda kuwonjezera ndalama zambiri: pa kanema pulogalamu ya aulutsi ndi malonda ake, ndipo pa intaneti chithunzi cha ulendo wokhawokha ndi mawu ake achilengedwe, woonera n'kusankha yekha. Mawailesi a kwathu kuno amene amapita ku Hora kukaulutsa Umthetho kapena ku Bolero kukaulutsa Gonapamuhanya akhoza kuyesa njira imeneyi asanatsogoleredwe ndi ena, popeza nawonso amakonda kuloza kamera ku tenti ya alendo pamene ingoma ili m'bwalo.

Kwa amene akufuna kudzaonera chaka chamawa pa wailesi yomweyi, ngati sipadzakhala kusintha, ndingawalangize kuti adzatsegule kanema m'mawa kuti aone zithunzi za m'mwamba ndi kunyamuka kwa ku Lealui, adzapitirize ntchito zawo masana, n'kubwereranso dzuwa likapendeka, ndipo mbiri ya mwambowu adzaifufuze okha tsikulo lisanafike. Chidule chimene wailesiyo inaonetsa usiku sichinakonze kanthu, chifukwa anangodula pulogalamu ya masana ija n'kusiyamo malankhulidwe ambiri, osagwiritsa ntchito zithunzi za makamera ena zimene mosakayika zinajambulidwa pamene mfumu inkatsika. Za ulendo wobwerera ku Lealui madzi akaphwa, umene Alozi amautcha Kufuluhela, pulogalamu yonseyo sinatchulepo, moti ana amene tinali nawo anapita kukagona akuganiza kuti Litunga wasamukiratu ku Limulunga.